Denga linali pa tsamba lomaliza

Abale inu, mukandiona ndikulankhula mwachidule masiku ano musati ndayamba kunyada. Ayi ndithu, ndinaphunzitsidwa ndi simenti, ndipo mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsembwe.

Paja mukudziwa kuti ndinapeza ntchito yoyang'anira nyumba yosungiramo katundu ku Katawa, kwa Che Jafali, bambo aja a ku Mangochi ogulitsa zomangira nyumba. Anandipatsa miyezi itatu yondiyesa, ndipo m'mwezi wachitatuwo ananyamuka kupita ku Dar, ku Tanzania, kukaoda katundu. Akukwera galimoto anati, "NyaBanda, mundilembere lipoti la mmene nyumbayi ilili, ndidziwe ngati nditumize simenti kapena ayi." Ine mtima phaa, ndinati nayi nthawi yoti aone kuti analemba ntchito munthu wa sukulu.

Tsonotu nkhani yeniyeni inali yakuti denga linkadontha mbali ya kumbuyo, malata atatu obooka, moti ndinali nditachotsako katundu yense n'kutcherako mabeseni. Mawu anayi okha akanakwana: denga likudontha, musatumize simenti. Koma ine ndinaleredwa ku Nkhata Bay, kwathu sufika pakhomo pa munthu wamkulu n'kumugwetsera uthenga woipa pamutu ngati papaya lakupsa, umayamba ndi malonje. Kuwonjezera apo ndine mlembi wa amayi kutchalitchi, ndikamawerenga lipoti la chaka anthu amaimba nthungululu, ndiye mukuganiza kuti ndikanalemba mawu anayi ine?

Tsamba loyamba ndinapereka moni, ndinathokoza Mulungu, ndinathokoza bwana, ndinafunira zabwino mayi ndi ana, ndipo pofuna kuwasangalatsa kaye ndinatsekera ndi mawu akuti malo otakasuka alipo ambiri mbali ya kumbuyo. Sindinaname, malo analipodi, chifukwa chake chokha ndi chimene ndinasungira mtsogolo! Tsamba lachiwiri mpaka lachinayi mbiri ya nyumbayo. Kenako za makoswe, za tsache latsopano, za nyengo ya ku Mzuzu kuno, ndi Chizungu chija chovunda chimene ndinakafukula m'dikishonale, mawu ena ngakhale mwiniwakene sindinkawamva. Za denga ndinaziika pa tsamba la khumi ndi chimodzi, pansi penipeni, mwaulemu wake: denga likuoneka ngati likufuna kuganiziridwa mtsogolomu, nthawi ikalola.

A Mhango, dalaivala wa lole yathu, ananyamula lipotilo m'manja n'kuliyesa kulemera. "Likulemera chomene ili, mama. Bwana aliwerenga nthawi yanji?" Ine mumtima ndinati nsanje basi, munthu wa chiwongolero adziwa chiyani za malipoti? Ndinajambula tsamba lililonse pafoni n'kutumiza.

Mawa lake foni inalira. "NyaBanda, ndili padoko, kuno n'phokoso, ndipo zithunzi zanu zikukana kutseguka, latseguka loyamba lokha. Mwachidule, kuli bwanji kumeneko?" Mukumva? Mulungu kundipatsa mpata wachiwiri m'manja chonchi! Ine ndi mawu a kutchalitchi aja ndinati, "Zonse zili m'lipoti, bwana, muwerenge mofatsa." Iwo anangoti chabwino, foni thii.

Patapita masiku, Loweruka, ine ndili pa chinkhoswe ku Msongwe, chitenje m'chiuno, foni m'chikwama. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma changa chinaimba kasanu konse, a Mhango akundifuna, ine ndikuvina ng'oma ina. Lole inafika yodzaza simenti, a Mhango ali ndi kiyi wawo, anatsegula, aganyu n'kuona malo oyera bwino kumbuyo kuja, ndendende mmene bwana anawauzira. Mabeseni anga anawasanja pakona, akuti amatchinga njira. Ndiye mvula ya Mzuzu mukuidziwa, siipempha chilolezo, inayamba masana omwewo n'kudzakata Lolemba m'mawa.

Nditatsegula chitseko Lolembalo, mayo ine! Matumba a pamwamba onse ali nyowee, madzi akuyenderera mpaka pansi. Ndinakhudza limodzi, phala. Pofika Lachitatu, tsiku limene bwana anabwera, phala lija linali mwala. Ine mutu unaima, ndikuona lendi ya nyumba yanga ku Mzilawaingwe, ndikuona ana anga awiri, ndikuona ntchito ikutuluka pakhomo osatsanzika.

Che Jafali sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anaitana antchito onse, anandiimika pansi pa malata obooka aja, n'kundipatsa lipoti langa. "Werengani mokweza, NyaBanda. Mukafika pa denga muime."

Ndinayamba. Moni, kuthokoza, mayi ndi ana. A Mhango ayang'ana nsapato zawo, mapewa akugwedezeka. Ndili pa mbiri ya nyumba, kunja kunayamba kuwaza. Ndili pa makoswe, dontho pamutu panga, tho! Lina pa pepala, tho! Inki n'kuyamba kuyenderera. Bwana anayang'ana kumwamba, n'kuyang'ana ine. "Mwaona? Denga lafika kale pa mfundo, inu simunafike. Pitirizani."

Abale, mphindi makumi anayi! Wigi yonyowa, Chizungu chija chikundikola pakhosi. Nditafika pa mzere uja wa kuganiziridwa mtsogolomu nthawi ikalola, a Mhango analephera kudzigwira, anathawira panja kukaseka, ndipo ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Bwana anapisa m'thumba n'kutulutsa kapepala kakang'ono ngati chikhatho cha khanda. "Lilembeninso apa. Likakwana, ntchito ikadalipo. Likapanda kukwana, tisiyane bwino." Ndinayamba kulemba kuti okondedwa bwana, a Mhango ali pakhomo anatsokomola mwamphamvu, ndinafufuta msanga. Ndinalemba mawu anayi aja, malo mpaka kutsalako.

Bwana anawerenga kamodzi. "Ili ndiye lipoti. Chofunika chizikhala poyamba, malonje tizichitira pa tiyi. Ndikuwonjezerani mwezi wina woyesedwa." Ine kuthokoza, yewo, yewo chomene bwana, mpaka kugwada m'madzi momwemo.

Ndinkayesa zathera pomwepo. M'mawa mwake ndikulowa mu ofesi, mpando wanga uja wa khushoni palibe. Kuseri kwa tebulo aikako matumba awiri a simenti youma, osanjikiza bwinobwino, pamwamba ataphimba ndi masamba anga khumi ndi limodzi. Bwana anasuzumira pakhomo. "Muzilembera pamenepo, NyaBanda. Tione ngati mungafike tsamba lachiwiri."

Sindinafikepo, abale. Pa mpando umenewo munthu sukhalitsa mphindi zisanu. Ndipo ndinalumbira kuti ine NyaBanda, tsiku limene nyumba idzapse, ndidzayamba ndi kukuwa kuti moto, moni ndidzapereka tikazima.