Kusaka Sukulu ya Ababa

Lolemba

Zonse zili m'malo. Ndandanda ndasindikiza pamakina, makope awiri. Malo akale asanu:

1. Sitolo yakale ya Mmwenye ku Lirangwe.
2. Mlambe umene apaulendo akale ankapumulirapo.
3. Siteshoni yakale ya sitima.
4. Mlatho wachitsulo.
5. Sukulu ya mishoni kuseri kwa Mdeka, kumene Ababa anaphunzirira a, e, i, o, u.

Chandiputira zonsezi ndi pakamwa pangapa. Mwezi watha ndinaimirira pamsonkhano wa mpingo n'kunena kuti anthu a kuno sasamala mbiri yawo. Mlembi wa mpingo, a Chisale, anangoti: "Poti ophunzira ndinu, mudzatisonyeze." Ndiye Lamulungu likubwerali, mapemphero akatha, ndikaonetse zithunzi pakhoma la tchalitchi. Chachikulu ndi chachisanucho: Ababa ataima pakhomo pa sukulu yawo, ng'ala isanawatseke maso onse.

Galimoto ndabwereka kwa alamu anga. Yoyera, mipando yachikopa. Lamulo lawo: "Musanyamulemo ngakhale nthochi."

Tikunyamuka pa Chileka eyiti koloko. Ndikuima pamsika kugula madzi. Cholakwa changa n'chomwecho. Chimunthu chogulitsa nyama chikutuluka, mpeni uli m'manja, chikukuwa: "Aphunzitsi!" Ndinaiwala kuti Ababa anagwira choko zaka makumi anayi m'dera lino. Bamboyo akugwada pafumbi. "Munandikwapula mu Sitandade 5, ndine pano, ndili ndi butchala!" Akunena monyadira! Akutikokera kwawo. Mpando, madzi osamba m'manja, chiwindi.

Tabwerera folo koloko. Malo akale: palibe. Nkhuku yamoyo: imodzi.

Lachiwiri

Lero ndachenjera. Ababa chipewa mpaka m'maso, mawindo otseka.

Lirangwe. Msika wadzaza: tomato, kaunjika, makasu, akabaza akulimbirana munthu mmodzi ngati nkhuku pa chiwala. Ababa akutsegula windo kuti atsokomole. Kamodzi kokha! Mayi wa tomato akutembenuka: "Chifuwa chimenecho ndikuchidziwa ine!" Awazindikira ndi kutsokomola. Ine madigiri awiri, palibe wandifunsa dzina.

Maola atatu a moni. Muli bwanji, kunyumba kuli bwanji, amayi aja anatisiya liti, pepani, pepani.

Sitolo ya Mmwenye ndaipeza dzuwa litapendeka. Aipaka penti wa pinki! Mkati akumeta anthu, pakhonde akutchaja mafoni. Ndikufunsa wometayo ngati akudziwa kuti nyumbayi inamangidwa liti. "Adona, mukufuna kugula?"

Zolowa m'galimoto: dengu la tomato, mitolo iwiri ya nzimbe, nkhuku ziwiri. Ndayesa kukana. Ababa anditsina pamkono ngati ndili Sitandade 2. Mphatso sakana, akuti, ukakana wakana munthu.

Lachitatu

Mlambe.

Njira akuidziwa Ababa: "Ukafika pa mango a bambo Jailosi, ukhotere kumanzere." Mangowo anasanduka makala kalekale. Bambo Jailosi nawo anatsikira kuli chete ine ndisanabadwe. Tikuyenda m'dziko limene latsala m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo munthuyo saona bwino.

Ndikufunsa njira pa mjigo. Onse akuloza ndi milomo: "Si patali, m'pompa." Atatu akudzipereka kutiperekeza. Anthu abwino bwanji, ndikutero mumtima. Chitsiru ine!

Woyamba watsikira pachigayo, ndi thumba la chimanga limene sindinaone likulowa.
Wachiwiri pachipatala.
Wachitatu kwa apongozi ake, ndipo potsika akuti: "Mlambewo mwaupitirira kale."

Milambe ilipo khumi ndi umodzi. Mudzi uliwonse ukulumbira kuti weniweni ndi wawo. Ndasankha waukulu koposa n'kujambula. Kunyumba ndikukulitsa chithunzi: pathunthu pakhomedwa chikwangwani cha sing'anga. Kubweza mwamuna wothawa, masiku atatu. Chimenechi ndikaonetse akulu a mpingo?

Lachinayi

Siteshoni ndi mlatho, zonse lero. Sindiima, ngakhale atagwada pamsewu abusa.

Masamba pamsewu. Maliro.

Ndikuchepetsa liwiro monga mwa mwambo, Ababa akuvula chipewa, nkhope poyera. Basi, zatha. Womwalirayo ndi mayi wa mnyamata amene Ababa anamuphunzitsa. "Mnyamatayo" ali ndi imvi ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri.

Ndakhala pamphasa ndi amayi, chitenje chobwereka. Galimoto ya alamu yagwira ntchito izi:

kutenga nkhuni, kawiri;
kutenga amayi a kwaya, asanu ndi atatu pa mipando inayi;
kutenga mapoto awiri akuluakulu, osatsuka kunsi.

Ababa apatsidwa mwayi woyankhula. Mphindi makumi anayi! Akukonza Chichewa cha amene wawerenga mbiri ya malemu, pamaliro pomwepo, ndipo anthu akugwedeza mitu mokhutira.

Mayi wina akundinong'oneza: "Inu ndinu amene mumawayendetsa? Amakulipirani bwino?"

Mwayi wake, pamaliro satukwana.

Lachisanu

Siteshoni ndaiona! Ndikudutsa, chapatali, pawindo. Chithunzi chatuluka phiko la nkhuku, chifukwa mphatso ya lero inamasuka miyendo. Mlatho ndaukhululukira.

Pa Mdeka tapatsidwa mbuzi. Mbuzi! Wopereka ndi mwini golosale, amene akuti Ababa anamugulira yunifolomu bambo ake atamwalira. Akulira, Ababa akulira, mbuzi ikulira. Ndani angatchule za mipando yachikopa pamenepo?

Alamu akuimba foni. "Chikulira n'chiyani m'galimotomo?" Ndati wailesi.

Pobwerera ndawamasukira Ababa. Ndati mawa ndi tsiku lomaliza, sukulu yanu sitinaione, Lamulungu a Chisale akandiseka mpaka mano kuuma. Iwo, akusenda nzimbe pampando wa alamu: "Iwe ukufuna makoma. Khoma linayamba lakupatsa moni?"

Mawu okoma. Koma moni sajambulika, Ababa.

Titafika pa Lirangwe akuti, motsitsa mawu: "Ndikaione ndithu mawa. Diso lamanzereli latha kale." Nzimbe ndawasiya adye.

Loweruka

Tanyamuka kusanache bwino. Ababa mpando wakumbuyo, ndawafunditsa chitenje kumutu ngati mkwatibwi. Pa Lirangwe phee. Pa Mdeka phee. Bwenzi nditayamba Lolemba!

Msewu wafumbi, kenaka kanjira, kenaka miyendo. Ababa akuwerenga mapazi kuchokera pamtsinje wouma. Aima. "Ndi pano."

Munda wa nandolo.

Palibe khoma, palibe khomo, ngakhale maziko. Nandolo yekhayekha, wobereka bwino mochititsa manyazi.

Mwini munda, aNangozo, akubwera ndi khasu paphewa. Akuti sukuluyo inagwa ndi mvula iwo ali mtsikana, ana anasamukira ku ina yapamsewu. Nanga njerwa? "Iii, zinali njerwa zabwino zimene zija!" Zinali! Akutitenga kukationetsa, mosangalala ngati akuonetsa ana awo:

khitchini yawo;
bafa la achimwene awo;
masitepe a nyumba ya aneba;
khola la mbuzi.

Mbiri yonse ya maphunziro m'dera lino, mbuzi zikuikanda ndi nyanga! Ndatsegula pakamwa kuti ndiyambe ulaliki wanga uja wa kusasamala. Ndikuona Ababa agwada pakhola, mu suti yawo, akupapasa njerwa imodziimodzi. Akuti pamene ankawonjezera kalasi yachiwiri, njerwa ankaumba ana asukulu okha, ndipo aliyense ankadinda zala zitatu panjerwa yake isanaume, kuti aphunzitsi awerenge za waulesi.

Apeza ina yokhala ndi timaenje titatu. Akulowetsamo zala. Sizikukwana, zakula. Akuseka, misozi ili mbwe.

"Mwina ndi yanga. Mwina ndi ya Jailosi. Ankadinda mokhota, mbuli ija."

Ndajambula. Nkhalamba ya suti ikusisita khola, mbuzi ikuinunkhiza khutu.

ANangozo azula njerwayo ndi khasu n'kuikulunga m'tsamba la nthochi. Tawasiyira mbuzi yathu ya dzulo ija, imene inali ikadali m'galimoto. Mphatso sakana, ndawauza, ndipo ndinamva kukoma.

Lamulungu

Zithunzi zimene ndili nazo: nyumba ya pinki, chikwangwani cha sing'anga, phiko, khola.

Ndaimirira kutsogolo. A Chisale akhala pabenchi yoyamba, manja apinda pachifuwa. Ndayamba bwino ndithu, za kufunika kosunga zakale. Sindinafike ndime yachiwiri. Ababa akutulutsa njerwa m'tsamba la nthochi n'kuiika patebulo la zopereka.

Gogo wina wa kumbuyo akufuula: "Zala zitatu!" Nkhalamba zikudzuka, ndodo gogodo gogodo, mzere mpaka pakhomo. Aliyense akufuna kuyesa zala zake. Amayi awiri akukangana kuti ndi ya mchimwene wa ndani. A Chisale, a Chisale enieniwo, ali pamzere! Akuti amayi awo anaumba nawo.

Khola lakhala pakhoma ola lathunthu. Palibe waseka. Palibenso wandiyang'ana.

Potseka, a Chisale akuthokoza m'malo mwa mpingo wonse "Aphunzitsi athu, chifukwa cha kafukufuku wozama, osaiwalanso dalaivala wawo."

Anthu awomba m'manja. Ndawomba nawo, nditani.

Madzulo ano ndikuchapa mipando ndi sopo wachitatu. Fungo la mbuzi silikuchoka. Alamu ndiwapatsa nkhuku zinayi zonse, ndione ngati angakane.

Njerwa ili pawindo la kuchipinda kwa Ababa. Ndawapeza atalowetsamonso zala. Akuti ku Chileka kuno kulinso chitsime chakale chimene ndiyenera kuchiona, si patali.

Ndabisa makiyi.