Bwana Diretori, Tibwezereni Miyala Yathu

Mudzi wa kumalire, Ngauma
Lachinayi, 10 Dezembro 1998

Kwa Olemekezeka Bwana Diretori,
Kampani ya Seguro ya Denga Mtendere,
Cuamba.

Bwana wanga wamkulu,

Ndagwada pamaso panu. Ine ndine Ernestina, mkazi wa a Benvindo, mayi wa Celeste wa miyezi isanu ndi iwiri. Inu simundidziwa, koma nyumba yanga mukuidziwa. Ndi ija ili pa chipepala chachikulu chimene munakhoma pa ofesi yanu ku Mandimba, ya malata owala, ine nditaima pakhomo ndi mimba, pansi pake palembedwa kuti GONANI MTIMA ULI M'MALO. Nyumbayo ikadalipo, Bwana. Chimene chachokapo ndi denga lokha.

Mukhululuke kalembedwe. Sukulu ndinalekezera kalasi yachisanu ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi, Chipwitikizi changa n'cha pamsika, ndiye ndalemba m'chinenero chimene ndimalirira. Ndikulembanso mothamanga, diso lina papepala, lina kumwamba, poti masiku ano mitambo ndimaiona ndili m'chipinda. Kalatayi ndiikhoma pamsika wa Mandimba, chifukwa zitatu zimene a Benvindo anabweretsa ku ofesi sizinayankhidwe. Mwina mumawerenga bwino pagulu.

Sindinabwere kudzadandaula, ayi. Ndine yani ine? Ndabwera kudzathokoza.

1. Zikomo chifukwa cha a Vicente, mtumiki wanu wa njinga yamoto yofiira. Koma ndiyambire kumbuyo kuti mumve bwino. Titabwerera kwathu mu 1994 tinapeza nyumba yakale ili phulusa, mtengo wa mpoza utamera pabalaza. Tinali ndi malata khumi ndi awiri amene a Benvindo anagula ndi maganyu ku Malawi. Tinawasenza pamutu kuchokera ku Namwera, mphepo ikutizunguza munjira ngati zidakwa. Misomali inali yosowa. Yochepa imene tinapeza tinkachita kuizula m'zitseko zopsa n'kuiwongola. Ndiye tinachita zimene mudzi wonse unachita: tinasanjika miyala padenga. Ikuluikulu isanu ndi inayi, yochokera pa maziko a nyumba yopsa ija. Zaka zinayi mphepo inkabwera, n'kugwedeza, n'kulephera, n'kupita kwa ena.

Ndiye mu Epulo, nthawi yogulitsa fodya, anafika a Vicente. Anayang'ana padenga n'kugwira pakamwa. "Mama, iyi ndi nyumba kapena manda? Nkhondo inatha kale! Munthu wa seguro sagona ndi miyala pamutu." Anatifotokozera kuti seguro ndi imene anzathu a ku Malawi amati inshuwalansi: upereka kachigawo ka fodya wako, mphepo ikawononga denga kampani ikupatsa latsopano. Koma anati pachithunzi cha kampani sipangaoneke miyala, ingachititse manyazi a ku Cuamba. A Benvindo anakwera okha n'kuitsitsa umodziumodzi, ine ndikuwombera m'manja. Sindibisa, ndinawomba m'manja. A Vicente anaikweza pa lole ya fodya, akuti atisungira kuti tisayesedwe.

2. Zikomo chifukwa cha misomali. A Vicente anati kampani itumiza yake, ya zipewa, sabata yamawa. Sabatayo tikuidikirabe mwaulemu. Tikudziwa kuti msewu wa ku Cuamba ndi woipa, ndipo msomali ndi chinthu chosachedwa kutopa.

3. Zikomo potikweza m'mudzi. Apongozi anga, amayi Perpétua, anakana seguro yanu. Anati iwo sanaonepo pepala likulimbana ndi kamvuluvulu. Padenga pawo pali miyala, gudumu la lole yopsa ndi nkhondo, ndi mtondo wong'ambika. Ife tinkawaseka kuti asandutsa denga kukhala dzala. Tsopano m'mawa uliwonse amasuzumira pamwamba pa khoma langa, poti safunanso kugogoda, n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji a seguro? Mame anakupezani bwino?" Akatero amaseka mpaka kutsokomola. Chimwemwe chotere sanakhale nacho chibwerereni ku Malawi. Mwawatalikitsira moyo, Bwana, ndipo mlandu umenewo ndi wanu.

4. Mphepoyo inabwera Lachisanu pa 27 Novembala, dzuwa litangopendeka. Ndinali ndikusambitsa Celeste m'beseni. Ndinamva mkokomo ngati sitima ya ku Cuamba yasochera n'kulowa m'mudzi. Kenako m'nyumba munawala. Nditakweza maso ndinaona denga langa lonse likunyamuka limodzi, bwinobwino, ngati munthu akuvula chipewa kutchalitchi. Ndinagwa pa mwana n'kumuphimba ndi thupi langa, sopo ali m'maso mwake, akulira, inenso ndikulira. Mpaka lero mphepo ikangogwedeza nthochi, ndimathamangira mwana.

Mudzi wathu uli pamalire penipeni. Kamtsinje kamene timachapako ndi kamene kamagawa maiko awiriwa. Malata athu, Bwana, anaoloka. Anabwerera ku Malawi osatsazika, opanda chiphaso, n'kukatera m'munda wa chimanga wa a Sulemane, bambo amene anatisunga pakhonde pawo chaka choyamba cha nkhondo. Iwo anabwera pamtsinje n'kukuwa kuti, "Ernestina! Poyamba munabwera inu opanda denga, lero labwera denga lopanda inu. Kodi mudzabwera liti pamodzi?"

M'mudzi monse madenga amene anauluka ndi anayi. Onse anayi ndi a seguro. Ndaona kuti mungakonde kudziwa kuti mphepo imawazindikira makasitomala anu.

5. Zikomo chifukwa cha lamulo lanu lachisanu ndi chiwiri, limene aphunzitsi anandimasulira: musakhudze kapena kusuntha chilichonse mpaka fisikali wa kampani, woona zowonongeka, atafika. Talisunga ngati lamulo la Mulungu. Malata ali pomwe anagwera. A Sulemane akulephera kupalira mizere isanu ndi umodzi, koma akupirira chifukwa cha chibale. Mbuzi zawo zapeza kuti pansi pa malatawo ndi pouma, ndipo zasamukiramo. Ndiye ndikudziwitseni kuti seguro yanu ikugwira ntchito ndithu: pali mbuzi zinayi za ku Malawi zimene zikugona mtima uli m'malo.

6. Zikomo chifukwa cha fisikaliyo. Anabweradi, patatha sabata, mwamuna waulemu wa nsapato zoyera. Analowa m'nyumba, nayang'ana kumwamba nthawi yaitali, nalemba kuti denga palibe. Ndinasangalala kuti tagwirizana. Ndinamutengera kumtsinje n'kumulozera malata, ali apo, mwana angathe kuponyapo chitsononkho. Anaima m'mphepete mwa madzi n'kunena kuti iye alibe chilolezo chogwira ntchito kunja kwa dziko. Ndinati chabwino, tikawatenge tibwere nawo kuno muwaone. Anati ayi, mukawakhudza mwaphwanya lamulo lachisanu ndi chiwiri. Ndinati nanga titani? Anati nkhaniyi ndi ya maiko awiri, aitengera ku Cuamba. Nkhuku imene ndinamuphikira anadya yonse, kotero mphamvu zokafikira anali nazo.

7. Zikomonso potumiza mawu kudzera mwa a Benvindo kuti tibweretse kalata ya chidindo yotsimikiza kuti tsikulo kunawombadi mphepo. Apa mwatiphunzitsa kusathamangira zinthu. Mwina denga linangotopa nafe n'kuchoka lokha. Ndafunsa m'mudzi monse amene amadinda za mphepo, palibe akumudziwa. Mtengo wa mango wa pasukulu unazuka ndi mizu yomwe, koma sudziwa kulemba. A Benvindo ali ku Cuamba tsiku lachisanu ndi chimodzi tsopano, akugona kwa msuweni wawo pafupi ndi njanji, akuyenda ofesi ndi ofesi kufunafuna mwini mphepo. Fodya wathu akudikira kuokeredwa. Mukawaona pabenchi panu, ndi aja aatali a malaya abuluu, muwauze kuti mwana akutsokomola.

8. Apa, Bwana, ndileke kaye kuseka. Lamulo lanu lina likuti nyumba ikasiyidwa yopanda anthu, seguro yafa. Choncho ine ndi Celeste tikukhalabe m'menemo, pansi pa lona yakale ya ku msasa imene ndamanga pangodya. Yabooka malo asanu. Makoma athu ndi a zidina zosawotcha. Mvula ya Lachiwiri inawanyowetsa kuchokera pamwamba, ndipo khoma la kumutu kwa mphasa lachita mng'alu woti dzanja langa likulowa. Ndikuulula, tsiku limenelo ndinamunyamula mwana n'kuthawira kwa apongozi, pansi pa gudumu ndi mtondo. Ngati ndinalakwira kampani, mundikhululukire. Iwo sanaseke tsiku limenelo. Anangomuvula Celeste zonyowa n'kumufunditsa chitenje chawo.

Mwanayu akutsokomola ngati nkhalamba yosuta. Akamapuma pachifuwa pakulira. Ndi woyamba wanga, Bwana, ndinabadwira kuno, ndinakulira kothawa, ndipo ndinkafuna iye akule osadziwa kugona pansi pa lona. Mvula yeniyeni sinayambe. Ikadzagwa ya masiku atatu ija, khomalo lidzagwa, ndipo silidzafunsa kuti pamphasa pali ndani.

Mwina mukuti, bwanji osafolera ndi udzu? Udzu timamweta m'chilimwe. Wanga ndinagawira anzanga mu Julayi, ndikuyenda monyada, ndikuti ife a seguro udzu tilibe nawo ntchito. Amene ndinawapatsawo akundipatsa moni mwaulemu kwambiri masiku ano.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera.

Lolemba ndinasiya apongozi akulondera nyumba, n'kupita ku Mandimba ndi mwana kumsana kukafunsa za a Vicente. Anandiuza kuti anawasamutsira ku Cuamba chifukwa chogwira bwino ntchito. Ndikutuluka, ndinaona kanjira kokongola kochokera pamsewu kufika pakhomo la ofesi yanu, kokhala ndi miyala mbali zonse, yopakidwa laimu, yoyera mbee. Ndinaima. Bwana, mayi amadziwa ana ake ngakhale atawadzoza ufa. Wachitatu kudzanja lamanja uli ndi mphako pamene agogo a a Benvindo ankasinjirapo fodya wa m'mphuno. Wa pafupi ndi sitepe ndi wakuda mbali imodzi chifukwa cha moto wa nkhondo, laimu wanu sanaubise. Ndinawerenga yanga yonse isanu ndi inayi. Ya anzanga atatu a seguro aja ilinso pomwepo. A Vicente sananame, anatisungiradi. Ndipo ndinaona kuti pa mphepo yonse ija palibe ngakhale umodzi umene unasuntha. Kanjira kanu kali bwinobwino. Ndinanyadira.

Ndinawerama kuti ndinyamule umodzi. Mlonda wanu anati, "Mayi, katundu wa kampani ameneyo." Ndinapepesa.

Ndiye ndi mawondo onse awiri pansi, ndikudziwitsani kuti Loweruka likudzali ndiphwanya lamulo lachisanu ndi chiwiri. Ine, apongozi anga ndi amayi a mumpingo tidzaoloka kamtsinje, tidzapepesa mbuzi za a Sulemane, tidzasenza malata athu pamutu ndi kuwabweretsa kwawo kachiwiri, monga tinachitira mu 1994. Njira tikuidziwa. Malatawo apindika, koma a Sulemane ati atibwereka nyundo. Ndikudziwa kuti ndikatero seguro yanga yafa. Muiike m'manda mwaulemu, ine ku maliroko sindibwera, ndidzakhala ndili padenga.

Sindikupemphanso malata atsopano. Sindikupempha misomali ya zipewa, ipumule. Fodya amene tinapereka musutireni alendo anu. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha, chimene chili chathu: tibwezereni miyala yathu lisanafike Loweruka madzulo. Ya kumtsinje kuno ndi ing'onoing'ono, ndipo ikuluikulu yonse ya pafupi ili kale pamadenga a anthu osaphunzira amene anakana seguro. Lole ya fodya imadutsa pa ofesi yanu Lachisanu lililonse ikubwera kuno yopanda kanthu. Laimuyo musavutike kumuchotsa. Mwina mphepo ikaona kuyera idzadziwa kuti miyalayi inagwirapo ntchito ku kampani, n'kuchita nayo mantha.

Chithunzi changa chija muchisiye pakhoma, ndinatuluka bwino. Mungouza wolemba wanu awonjezere pansi pake kuti mayiyu anagonadi mtima uli m'malo zaka zinayi, asanakumane nanu.

Pomaliza, musade nkhawa za pepala lanu la seguro. Ndalisamala kwambiri, silinanyowe, silinauluke. Lili pansi pa lona, ndalitsindika ndi kamwala kamodzi kamene a Vicente anakaiwala kuseri kwa nyumba. Pa zinthu zonse za m'nyumba muno, ndi lokhalo limene lili ndi chitetezo chokwanira.

Ine wanu wogwada, woyang'ana kumwamba,

Ernestina, mayi wa Celeste,
nyumba yachitatu kuchokera pamtsinje. Simungasochere, ndi ija yowala m'kati.