Nkhalamba Yokana Kufa

Mpaka lero apongozi anga aakazi salandira shuga wochokera m'manja mwanga. Ndikagula ndimapatsa mkazi wanga, iye n'kukapereka ngati wagula yekha. Zonsezi zinayamba ndi uthenga wa mawu wosakwana mphindi imodzi, umene ndinajambula nditakhala pansi pa mtengo kunja kwa chipatala. Ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha, chifukwa ena akamaikamba nkhaniyi amaithira mchere wambiri.

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale. Kwathu ndi ku Kabudula, koma ndinakwatira m'mudzi wina kufupi ndi Namitete ndipo ndimakhala komweko pa chikamwini. Amene anakhalapo mkamwini akudziwa mmene zimakhalira. Umayenda mosamala, umaseka mosamala, ngakhale kutsokomola umayamba wayang'ana uku ndi uku. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinalibe mlandu ndi munthu aliyense.

Chofooka changa ndi magemu a pa foni. (Inde, bambo wa ndevu, wa ana awiri, woimba besi m'kwaya ya mpingo. Sekani, ndinazolowera.) Amene ndimakonda ndi a ku Japani aja, omwe umakhala msilikali wonyamula lupanga lalitali kuposa iwe mwini, n'kumayenda dera ndi dera, kumenyana ndi zilombo, mphamvu zako zikukula pang'onopang'ono. Kumapeto kwa dera lililonse kumakhala mdani wamkulu, ife timati bosi, ndipo sungapitirire usanamugonjetse.

Tinali ndi gulu lathu la pa foni, anthu a m'tauni, a ku Mchinji, ena a ku Kasungu, oti sindinawaonepo nkhope. Aliyense akasewera gemu ankaperekapo ndemanga: ngati nkhani yake ikukoma, ngati ikudya batire, ngati ikutheka pa timafoni tathu totchipati, kenako n'kuipatsa nyenyezi. Anzanga ankalemba m'Chingerezi. Ine ndinkajambula mawu m'Chichewa, ndipo ankazikonda. Kunena zoona, kumeneko ndi kumalo kokha kumene anthu ankadikira kuti ndilankhule.

Gululo dzina lake linali Bwalo Lathu. Ndiye apongozi anga aamuna, a Phiri, atadwala, alamu anga a Yohane amene amagwira ntchito m'tauni anatsegula gulu lina lodziwitsirana za matenda. Analitcha Banja Lathu. Mwaiona kale ngoziyo, eti? Ine sindinaione.

A Phiri anali munthu wamkulu kwambiri, mkulu wa mpingo wopuma, ndipo chifuwa ndi mtima zinawagoneka m'chipatala cha mishoni masabata atatu. Kawiri konse achibale anaitanidwa kuti zinthu zafika poipa, kawiri konse bambowo anatsegula maso n'kufunsa ngati tiyi alipo. Sukulu inali itatsekera, choncho ntchito yotengera phala ndi tiyi kuchipatala inali yanga. Tsiku lililonse ndinkapalasa njinga ndi fulasiki kumbuyo, n'kukapereka kwa apongozi aakazi amene ankadikirira matendawo.

Masabata atatu omwewo ndinali nditakanirira pa bosi wina. Anali nkhalamba ya ndevu zoyera yokhala pamwamba pa phiri, yomenya ndi ndodo. Ukaimenya mpaka kamzere kofiira kosonyeza moyo wake katsala pang'ono kutha, inkatulutsa kachikho, n'kumwa, kamzere n'kudzazanso. Kenako inkakukwapula ndodo imodzi, iwe n'kuyambiranso pansi pa phiri.

Tsiku limenelo ndinapereka phala, ndinalonjera odwala, n'kutuluka kukakhala pansi pa mtengo kuti ndipume ndisanabwerere. Ndinatsegula gemu ija n'kuyesa katatu, katatu konse ndodo. Mtima unandiwira. Ndinadina pojambulira n'kunena mawu awa, amene tsopano ndimawadziwa pamtima chifukwa ndawamva nthawi zosawerengeka:

"Abale anga, ine ndatopa. Nkhalamba iyi ikukana kufa. Sabata yachitatu ino, tsiku lililonse ndimapita kwa iyo, koma ayi ndithu. Ndayesa poizoni, yangotsokomola. Ndayesa kuiyandikira ili chigonere, yadzuka. Ikangotsala pang'ono kutsirizika imamwa timankhwala take n'kukhalanso tsonga. Nthawi yanga ikungothera pa iyo. Amene akudziwa njira yoimalizira msanga andithandize, chifukwa ikangofa chuma chonse chili kumbuyo kwake ndi changa."

Dzina la gemu sindinalitchule, poti anzanga ankaidziwa kale. Nyenyezi ndinati ndidzapereka ndikamaliza. Ndinatumiza, ndinazimitsa intaneti kuti bandulo isathe, n'kukwera njinga ndikuimba mluzu. Panjira ndinaimanso kupopetsa tayala, n'kucheza ndi wokonza njinga za mitengo ya feteleza. Ola lathunthu limenelo mawu anga ankayenda m'matumba a achibale onse a mkazi wanga, mpaka kwa a ku Joni.

Nditafika kunyumba ndinapeza mkazi wanga, Naphiri, atakhala pakhonde ndi akulu ake. Ana kunalibe, anali atawatumiza kunyumba ina. Palibe amene anandilandira njinga. Naphiri anangokweza foni yake n'kudina, ndipo ndinamva mawu anga akutuluka, osangalala ndi luso lawo lofotokoza, kumbuyo kwake kukumveka ambulansi ikulowa pachipata cha chipatala.

"Bambo a Tadala, kodi ameneyu ndi ndani?"

Ndinavomera kuti ndine, koma nkhalamba imene ndinkanena si bambo, ndi ya ku Japani. Akulu akewo anafunsa mofatsa kuti ndinayamba liti kukhala ndi nkhalamba ku Japani, ndipo inandilakwira chiyani. Naphiri ankadziwa za magemu anga, tinali titakanganapo kangapo za batire. Anandiyang'ana ndi maso ofiira n'kunena kuti iye akhoza kumvetsa, koma ndimuuze mmene akafotokozere amayi ake, amene atangomva uthengawo anakataya phala lonse m'ngalande, n'kutsuka fulasiki katatu ndi sopo, n'kupempha adokotala kuti apime magazi a bambo.

Munthu wanzeru akanakhala chete n'kuganiza kaye. Ine ndinatsegula intaneti n'kulemba ku gulu la banja kuti ndikonze zinthu. Ndinalemba kuti pepani nonse, uthengawu sunali wanu, unali wopita kwa anzanga ena amene timathandizana pa zinthu zoterezi. (Ndikamaphunzitsa ana kulemba chimangirizo ndimawauza kuti aziwerenganso asanapereke. Ine sindinawerengenso.) Pasanathe mphindi, alamu anga a Yohane anayankha ndi mawu atatu: "Ndiye muli gulu?"

Ndinathamangira kwa anzanga a magemu kuwafotokozera zimene zachitika, ndikuyembekeza kuti wina andipatsa nzeru. Anaseka mpaka ena anatumiza mawu akulephera kupuma. Mmodzi yekha, wa ku Kasungu, ndiye anandithandiza, koma pa nkhani ina. Anati chinsinsi chake n'chosavuta: nkhalambayo ikatulutsa kachikho, usamenye iyo, menya kachikhoko.

Patapita masiku awiri ankhoswe anakumana. Malume anga a Banda anabwera pa kabaza kuchokera ku Kabudula, fumbi mpaka m'nsidze, ndipo sanandipatse moni. Kuchikazi kunali a Mbewe, malume ake a Naphiri, ndi alamu anga aja amene anapempha tchuthi kuntchito chifukwa cha ine. Tinakhala pabwalo la a Mbewe. Wina anabwereka sipika ya kwaya kuti akuluakulu amve bwino, ndipo uthenga wanga unaseweredwa katatu. Pa mawu oti poizoni amayi ena ankagwira pakamwa ulendo uliwonse. Pa mawu oti chuma a Mbewe anakumbutsa anthu kuti a Phiri ali ndi dimba lalikulu la kumtsinje ndi ng'ombe zinayi.

Nditafunsidwa ndinafotokoza zonse, za Japani, za phiri, za magulu awiri a mayina ofanana. A Mbewe anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati mawu okha sakwanira, ndiwaonetse nkhalambayo ndi maso.

Ndinatulutsa foni. Amuna akuluakulu anasonkhana kumbuyo kwanga, mitu itagundana, kuyang'ana kagalasi kong'aluka pakona. Ndinakwera phiri. Nkhalamba inatuluka, ndipo malume anga ananong'ona kuti ndevu zake zikufananadi ndi za a Phiri, zomwe sizinandithandize. Ndinayamba kumenyana nayo, ndipo apa ndiye pali manyazi anga enieni: ndinaiwala kumene ndinali. Ndinaiwala ankhoswe, ndinaiwala banja langa limene linali pa ngozi. Kamzere kofiira kanatsika, nkhalamba inatulutsa kachikho, ine ndinakumbukira mnzanga wa ku Kasungu. Ndinamenya kachikho, kanasweka. Ndinamenyanso kawiri, nkhalamba inagwada n'kugwa chafufumimba.

Ndinapezeka nditaimirira, mkono uli m'mwamba, ndikufuula kuti, "Yafa!"

Anthu onse pabwalo anandiyang'ana. Foni inapitiriza yokha. Inaonetsa nkhalamba ija ikulankhula motsitsa m'chinenero cha kwawo, ikupereka ndodo yake kwa msilikali wanga. A Mbewe anafunsa kuti ikuti chiyani. Pansi panali mawu a Chingerezi, ndipo pokhala mphunzitsi sindikanakana kumasulira. Ndinawauza kuti ikuti zanga zonse ndi zako tsopano, mwana wanga. Malume anga anavula chipewa n'kubisa nkhope.

Chigamulo chinali chakuti za poizoni palibe, aliyense waona kuti ndi zoseweretsa. Koma mkamwini amene amasewera zopha akuluakulu pamene apongozi ake ali gone m'chipatala, ndiponso n'kusangalala chotero, alibe ulemu, ndipo za mumtima mwake palibe angazidziwe. Anandilamula kupepesa ndi nkhuku. Ntchito yonyamula phala anandilanda. Alamu anga anandichotsa m'gulu la banja pomwepo ine ndikuona. Lamlungu lotsatira atsogoleri a kwaya anandiuza mwaulemu kuti mawu anga atopa, ndipumeko kaye.

Sabata yomweyo Naphiri anabwera kuchokera kuchipatala n'kunena kuti bambo akundifuna. Ndinapita. Wodi yonse inali itamva nkhaniyo, ndipo odwala ena anakoka makapu awo nditadutsa. A Phiri anali ataonda kwambiri, moti wotchi yawo inkatsetsereka mpaka pachigongono. Anauza akazi awo kuti akatunge madzi, ndipo amayiwo anatuluka akundiyang'ana m'manja.

Anandipempha kuti ndiwaseweretse uthengawo, poti onse ankangowauza zidutswa. Ndinagwada pambali pa bedi n'kuika foni pafupi ndi khutu lawo. Anamvetsera maso ali chitsinzire. Atafika poti yangotsokomola, mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira, koma ankaseka, ndipo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, namwino n'kusuzumira. Anati ndibwerezenso.

Atapuma anati, "Aphunzitsi, inenso ndine mkamwini m'mudzi muja. Zaka makumi asanu. Dimba lija si langa, ndi la amayi anuwa. Munthu umafuna pothawira. Ine ndinkathawira ku bawo."

Kenako anafuna kuiona nkhalambayo. Ndinawauza kuti sizingatheke, ndinaipha kale pamaso pa ankhoswe. Nkhope yawo inagwa.

"Mukanaisiya," anatero. "Imayesetsa."

Anandilonjeza kuti akatuluka akaitanitsa onse n'kuwauza kuti nkhaniyi ithe, chifukwa pa akamwini awo onse ndine ndekha amene ndinapalasa njinga masabata atatu osadumphitsa tsiku. Ndinatuluka m'chipatalamo mtima utapepuka koyamba chichitikire ngozi ija.

Sanatuluke. Anamwalira patapita masiku asanu, Lachiwiri m'mawa, akazi awo atawagwira dzanja. Adokotala ananena momveka kuti unali mtima, koma mawu a adokotala anathera pachipata cha chipatala, pamene anga anali m'foni ya aliyense. Zimene anandiuza a Phiri palibe wina anazimva. Naphiri anandikhulupirira ndipo analira nditamufotokozera za bawo. Alamu anga anati n'zosavuta kuika mawu m'kamwa mwa munthu amene sangayankhe.

Pamaliro palibe amene anandinena poyera. Anangondipatsa ntchito yokatola nkhuni kutali, ndipo ndikabwera nazo ankandilandirira panjira ndisanayandikire mapoto. Pamanda ndinaima kumbuyo kwenikweni. Kwaya yathu inaimba popanda ine, ndipo ndinalira kwambiri, podziwa kuti amene akundiona akuganiza kuti ndikunamizira.

Mukandifunsa chimene ndinaphunzira, ndinena kuti tsopano ndimawerenga dzina la gulu kawiri ndisanatumize kanthu, ndipo mawu anga sindijambulanso ngakhale pofunsa mtengo wa nyemba. Koma kusewera sindinasiye, ndisakunamizeni. Chimene chinasintha n'chakuti ndikafika pa bosi wa imvi, chala chimakana. Ndimaima patsogolo pake, iye n'kundikwapula, ine n'kutseka foni. Ndipo a ku Japaniwa amakonda nkhalamba, pafupifupi gemu iliyonse ili ndi yake. Chaka chachiwiri chino sindinamalizepo ngakhale imodzi.