Malemu Goliati ndi Kabokosi Kopanda Nkhoswe

Ena amakalipira ana, ena mbuzi, koma malemu Goliati Nyoni a pa Sharpevale ankakalipira kompyuta. Ankavula magalasi, kuloza chala, n'kuyamba kuwaphunzitsa mwambo makinawo, makasitomala ali chiimire ndi mapepala m'manja.

Bambowa anali ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta. Kompyutayo anawakonzera ndi Tracy, mwana wa achemwali awo, wogwira ntchito ku Lilongwe. Powasiyira anawafotokozera kuti mapulogalamu onse a mmenemo ali ndi mkulu wawo mmodzi, amene amatenga zatsopano za aliyense n'kuziika mwadongosolo.

"Ndiye malume, pulogalamu ina ikatulutsa kabokosi koti yatuluka yatsopano, dinani apa, inu musadine. Ingotsekani. Zonse zizidzera kwa mkuluyo."

"Ndamva," anatero a Goliati. "Ameneyo ndiye nkhoswe."

Tracy anaseka, osadziwa kuti wapatsa wamisala mpeni. Pa nkhani ya ankhoswe a Goliati analibe chibwana, ndipo amene ankaidziwa bwino nthenda imeneyi ndi akazi awo, mayi Dailes. Mwana wawo Tawina anali atapeza mwamuna, Raymond wokonza njinga zamoto. Akwawo kwa Raymond anali atakatula kale mawu ku Kasinje kwa a Chifuniro, alongo awo a mayi Dailes. Chotsala chinali chakuti a Chifuniro abwere adzauze makolo, basi. Koma a Chifuniro anali munthu wa mawa. Akalonjeza Loweruka, Loweruka limawapeza pamwamba pa lole ya kachewere.

Ukwati uli chiimire choncho, a Goliati anali kalikiliki ndi milandu ya m'shopu. Pulogalamu yotayipira inali ndi kabokosi kake kaliuma, kotulukira pakona m'mawa uliwonse.

"Iwe! Wakutuma ndani? Kwanu kulibe akulu?"

"A Nyoni, pepani, ana akudikira mayeso awa," ankadandaula aphunzitsi a Kingston.

"Adikire. Mwana wamwano ukamulekerera, mawa akukwera pamutu. Taona, nkhoswe wako ali phee, iwe wayamba kale kulengeza wekha. Ndiwe mkwati wanji wodziimbira nthungululu?"

Kutseka kabokosiko kunali kudina kamodzi kokha, koma mlandu umatha tiyi atazizira. Tracy atamva anaimba foni kuti pali poti n'kuthimitsa, kasamatulukenso.

"Usayerekeze," anatero a Goliati. "Ukakatseka pakamwa kaphunzira bwanji?"

Mayi Dailes anangoti mumtima, bodza, mukuopa kusowa womukalipira.

Tsiku lina eni shopu atapita kuseri, a Kingston anatopa nako kabokosiko n'kukadina. Anatsatira zonse zimene kanawauza, wadina apa, wavomera apo, mtima uli mbee ngati athandiza mudzi. Pobwera a Goliati anapeza mapulogalamu otayipira awiri, yakale ndi yatsopano, zakhala moyandikana. Kalata yolembedwa ndi iyi, inayo imaisokoneza mizere.

"Mitala!" anakuwa, anthu mpaka kutuluka m'magolosale. "Mitala m'shopu mwanga, ine mkulu wa mpingo! Wachiwiriyu nkhoswe sakumudziwa n'komwe. Akadwala adzamuona ndani?"

Shopu inatsekedwa mpaka Tracy anabwera kudzachotsa mkazi wamng'onoyo. A Kingston anawaletsa kupondamo, moti mayeso a teremu imeneyo anakapulinta kuboma, mphunzitsi wathunthu akukwera minibasi chifukwa cha chala chimodzi.

Raymond naye anali wosamva za anzake. Ataona miyezi ikutha, anavala jekete lobwereka, n'kukagwada m'shopu momwemo.

"Bambo, ndabwera ndi kamawu. Ine ndi Tawina..."

A Goliati sanacheuke n'komwe. "Amake Tawina, pali wina wayankhula?"

"Mwanayu wagwada, a Nyoni. Muyankheni."

"Ine ndikuona tibokosi tiwiri lero. Kena kali pa kompyuta, kena kavala jekete."

Raymond anatuluka makutu akutentha, ndipo Tawina sanadye tsiku limenelo. Mayi Dailes anapsa mtima zenizeni. Chowawawa kwambiri chinali chakuti bambowo mnyamatayo ankamukonda. Njinga yawo ikafa sankalola wina aliyense kuigwira, ndipo pa bawo ankadzitama kuti pa Sharpevale mnyamata wamanja ndi Raymond yekha. Koma kuti atsegule pakamwa n'kunena kuti eya, ayi, liuma linali litamera mizu.

M'nyengo yozizira a Goliati anayamba kutsokomola. Anakawagoneka kuchipatala, anabwerako, anakawagonekanso. Thupi linatha, jekete n'kumangolendewera. Mayi Dailes anatumiza mauthenga ku Kasinje mpaka manyazi anawagwira, yankho n'kumabwera lomwelo, lakuti tikangokweza katunduyu tili komweko.

Madzulo ena anakhala m'mphepete mwa bedi, kuseka kutawathera.

"Bambo a Tawina, inu ndi ine takalamba limodzi, tisanamizane. Simuli bwino. Mwana akufuna amve pakamwa panu. Nkhaniyi mukuidziwa."

"Kumva ndinamva," anayankha motsitsa. "Koma sindinauzidwe."

"Ndiye mufa nalo liuma lanuli?"

"Mwana wanga si wotola panjira, Dailes. Adzere pakhomo, anthu adziwe kuti ali ndi eni ake. Mawa zikadzavuta adzathawira kwa yani?" Anapuma kaye, n'kufunsa, "Alamu anena kuti abwera liti?"

"Loweruka."

A Chifuniro anafikadi Loweruka, bokosi lili kale pabwalo. Analira mokweza kuposa aliyense, kenako anasendera kwa mlongo wawo n'kunong'ona kuti mwambo ukatha ali ndi mawu ochokera kwa akwawo kwa Raymond.

Mayi Dailes anawayang'ana maso ali gwa. "Mukundiuza ine? Eni ake ndi awo agona apowo. Akhala akudikira inu. Pitani mukawauze."

Anthu anayesa kuwatonthoza, koma mayiwo sanasunthe. A Chifuniro anavula chipewa, anakagwada pambali pa bokosi, ngati nkhoswe ya nkhani yonse, n'kunena mawu onse mwadongosolo lake, kuti alamu, kwabwera anthu, aona mwana wathu Tawina. Ndi pamene Tawina analira kulira kwenikweni.

Shopu ija ilipobe, akuyendetsa ndi Tawina. Mapepala amatuluka msanga, palibe wochedwa minibasi, ndipo anthu amatuluka mmenemo opanda nkhani yokasimba kunyumba. Ngakhale a Kingston, amene tsopano amalowa momasuka, amati pamalopo pazizira. Ukwati unachitika mvula isanagwe. Kutsogolo anaika mipando iwiri ya makolo a mkwatibwi, ndipo a Chifuniro atafuna kukhala pa winawo, mayi Dailes anaikapo chikwama chawo.