Dzanja Lamanzere la Achemwali

Lachinayi, Ogasiti 1975

Ndadzuka ndikudzimva ngati katswiri wa zithunzi. Pofika masana ndinali nditabisala kuseri kwa chigafa cha fodya, manyazi atandigwira.

Nkhaniyi inayamba pamene amalume, amene amagwira ntchito ya zaumoyo ku boma, anagula makina akale okulitsira zithunzi kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito. Makinawo ali ngati nyale yozondoka pamtengo wachitsulo: umaika filimu pamwamba, kuwala n'kugwetsera chithunzi papepala. Khosi lake ndi lomanga ndi mphira wa njinga, koma amalume amawapukuta ngati khanda. Anaphimba zenera la bafa ndi bulangete, ine n'kundiitana kuti ndikawathandize patchuthi pano.

"Iwe wa sayansi," anatero, "tisankhire pepala."

Kusitolo kunali lambuu ndi lonyezimira. Ndinasankha lonyezimira, ati kuti chilichonse chioneke bwino. (Chinaonekadi, mayo ine!)

Chithunzi chofunika chinali cha pachinkhoswe cha achemwali anga a Esinati, atagwada, akulandira nsalu kwa apongozi awo a ku Chulu. Amalume ataitanidwa kuntchito, ndinati ndiwadabwitse. Filimu ija ili ndi mbali ziwiri, yowala ndi yosawala. Ndinaganiza kuti yowala ndiyo yoyenera kuyang'ana papepala, popeza nalonso ndi lowala. Chithunzi chinatuluka chachikulu, chokongola, mpaka maluwa a pansalu kuwerengeka. Sindinadikire amalume. Ndinachipatsira wa njinga wopita ku Chulu tsiku lomwelo.

Lero achemwali abwerako ku Chulu, maso ali psuu, chithunzi chili m'manja.

"Taona zimene wandichita! Ndikulandira ndi dzanja liti apa?"

Ndinayang'ana. Lamanzere! Lamanja langogwirizira pachigongono. Ndinaika filimu chotembenuza, ndiye zonse zinasinthana mbali.

"Akuti chiyani apongozi?" anafunsa amayi.

"Akuti, 'Tsiku lija sitinaonetsetse, koma makina sanama. Kodi kwanuko ana mumawalera chonchi?' Azakhali a mwamuna ayamba kale kunena kuti ukwati uyambe waima."

Ndinayesa kufotokoza za kayendedwe ka kuwala monga tinaphunzirira mu Fomu 2. Amayi anandidula: "Kuwalako ndi kumene kudzakwatiwe?"

Ndinathawira kuchigafa ndi chithunzi chija. Achemwali ndi amene anandisokera diresi yoyamba ya sukulu, ndipo sanalandirepo ngakhale mchere ndi dzanja lamanzere. Ndikuyang'anitsitsa chithunzicho, ndinaona china, n'kuthamangira kunyumba.

"Amayi, taonani! Apongozinso akupereka ndi lamanzere!"

Amayi anayang'ana, n'kugwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Achemwali anaseka misozi isanaume.

"Ndiye ukawauze ndiwe," anatero. "Ine ndikufuna banja."

Madzulo amalume anafika, namva zonse. Anati atsuka chithunzi china, koma mankhwala otsukira atha mpaka mwezi wamawa. Anandisisita mutu: "Koma chithunzicho chawala, mphwanga. Pepala unasankha bwino."

Mwezi wamawa ndi kutali. Mawa ndibwereka njinga ya abambo, ndimange kalilole wa amayi m'chitenje, ndipite ku Chulu. Ndikagwada, ndikaika chithunzi patsogolo pa kalilole, apongozi akadzionere okha dzanja lamanja la achemwali. Za dzanja lawo sindikanena kanthu. Ndipo kaliloleyo ndikawapatsa ndi manja awiri.