Pusi Alawa Mowa wa Masika

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere, ndipo musamvere amene amati unachokera m'nkhalango. Unabadwira pakati pa mitsuko ya mowa, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonerera.

Kumapiri a ku Ntcheu kunali mudzi wotchedwa Kamtsitsi. Kumeneko chimanga chikalowa m'nkhokwe, mawere atapunthidwa, kamphepo ka masika katayamba kuluma makutu, amayi onse odziwa kufulula ankatulutsa mitsuko yawo n'kuindandalika pansi pa mitengo ya misuku. Linali tsiku lolawa. Anthu ankachokera kutali, ena pangolo, ena wapansi kuchokera kutsidya kwa malire. Fungo la chimera tsiku limenelo linkaledzeretsa ndi akhwangwala omwe, moti ankauluka chafutambuyo.

Koma sikunali kungomwa ayi. Mayi amene mowa wake wapambana ndiye ankaitanidwa kukafulula pa maukwati ndi madima onse olimitsa minda a chaka chimenecho. Dzina lake linkafika m'midzi iye mwini asanafike. Ndipo wogamula anali munthu mmodzi yekha, wolawa.

Kwa zaka zambiri wolawa anali a Zondani, nkhalamba ya nkhope ngati mwala wa mphero. A Zondani akalawa, simukanadziwa ngati amwa uchi kapena madzi otsukira khasu. Ankangonyowetsa lilime, kuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga masamba, n'kupita pamtsuko wina. Koma chaka chimene ndikunenachi a Zondani analowa mpingo n'kusiya mowa, ndipo mudzi unasowa lilime.

Amayi atakhala pansi kuti asankhe wina, dzina linatuluka limodzi, la Jailosi Kamphulusa. Dzina limeneli ankalidziwa ndi amayi ake okha. Ena onse ankangoti Pusi, chifukwa ntchito yake inali yofolera nyumba, ndipo ankayenda pamwamba pa denga ngati anabadwira pomwepo.

Tsono mumvetse bwino apa. Pusi sanali chidakwa, sanalinso wadyera. Nthenda yake inali ina: sankatha kuona nkhope ya munthu ikugwa chifukwa cha iye. Mukampatsa ndiwo zopserera, ankati ndizo amakonda chiyambire ubwana. Munthu wina anamuonetsa mbuzi ya diso limodzi, iye anaisisita n'kunena kuti maso awiri pambuzi n'kuwononga. Ndiye mayi aliyense wa pa Kamtsitsi anali atamvapo kwa Pusi, tsiku lina akumufolera khitchini, kuti palibe wofulula ngati iye. Onse anavomera dzina lake, aliyense akusekerera chamumtima kuti wapambana kale.

Mmodzi yekha sanasekerere. Ameneyu anali Nangozo, mayi wamasiye, wamng'ono pa ofulula onse. Mwamuna wake atamwalira, kunabuka kamphekesera kakuti dzanja lake linasasa, kuti chilichonse chimene wafulula chimasanduka chowawasa. Amene anayambitsa sakudziwika. Amene analawa n'kupeza choncho sakudziwikanso. Koma anthu analeka kumuitana, ndipo mtsuko wake unakhala chozondoka kuseri kwa nyumba mpaka nkhuku zinayamba kugona pamwamba pake.

Nangozo yemweyu ndiye Pusi ankamufuna ukwati. Anali atatuma kale malume ake kukafunsira, ndipo yankho linabwera lakuti adikire tsiku lolawa lidutse.

Kutatsala tsiku limodzi, Nangozo anampeza Pusi ali padenga la eni, udzu uli kukamwa. Anaima pansi, manja kumbuyo.

"A Pusi, sindikupempha kuti mundipambanitse," anatero. "Mulawe basi, ndipo munene pamaso pa anthu chimene lilime lanu lamva. Ngati ndi wosasa, munene kuti ndi wosasa, ndidziwe. Ndatopa kumva kwa anthu amene sanalawe."

Pusi analavula udzu uja, nalumbira pali denga, pali mitengo yake, pali agogo ake amene anafa asanabadwe, kuti lilime lake mawa lidzakhala lowongoka ngati nsungwi. Nangozo anangoti wamva, n'kubwerera.

M'mawa mwake a Zondani anamuitanira Pusi pambali. Anali atavala malaya oyera a kumpingo, batani mpaka pakhosi, akutafuna nzimbe m'malo mwa zakale zija. Ankayankhula pang'onopang'ono, mawu ochokera pansi pa mimba ngati ng'ombe yodwala chimfine.

"Mdzukulu, wolawa alibe pakamwa mpaka mtsuko wotsiriza. Wamva?"

Pusi anati wamva. Koma nkhalamba inamukumbutsabe chifukwa chake. Pa Kamtsitsi panali mwambo wakuti wolawa amapatsidwa kachipanda kakang'ono, kongonyowetsa lilime. Koma munthu akayamikira mowa mokweza ataima pamtsuko wa mwini, mwiniyo ayenera kumuthokoza ndi chipanda chachikulu chodzaza, ndipo woyamikayo sangachiike pansi muli kanthu. Kusiyamo n'kutukwana dzanja lofulula. Pusi anaseka, nati zimenezo amazidziwa ndi ana oyamwa omwe.

Mitsuko inkaikidwa motsata ukulu wa eni ake. Woyamba unali wa Nachisale, mayi wathupi, wa imvi, amene akaseka nthaka inkanjenjemera. Wotsiriza, kumapeto kwenikweni kwa mzere, unali wa Nangozo, wovundikira ndi tsamba la nthochi.

Nachisale anatunga, nayamba wamwa yekha monga mwa mwambo kuti anthu aone kuti mulibe choipa, kenaka anapereka kachipanda. Pusi analawa. Anayesa nkhope ya a Zondani, maso kumwamba, milomo yotseka. Kunena zoona, anayesetsa. Ananyamula phazi kuti apite patsogolo.

Pamenepo Nachisale anausa moyo. Ana inu, kuusa kwake kunagwetsa masamba a msuku. Anayamba kuuza mtsuko wake, osati Pusi ayi, mtsuko, kuti iye anadzuka ndi msana wothyoka kutakasa phala la mowa umenewu, kuti utsi unamudya maso, koma palibe kanthu, ukalamba ndi choncho, anthu amangokudutsa ngati chitsa. Mlomo wake wam'munsi unayamba kunjenjemera.

Phazi la Pusi linabwerera pansi.

"Mayi," anatero chonong'ona, "ichi chakoma."

Ananong'ona, koma Nachisale anali ndi makutu a mleme. Nthungululu inalira. Chinatuluka chipanda chimene mukanasambitsiramo mapasa, amayi awo n'kutsukamonso mapazi. Pusi anachigwira ndi manja awiri nagugudiza mpaka pansi. Pansi pa mtengo a Zondani analeka kutafuna nzimbe.

Mtsuko wachiwiri unali wa Najere, mayi wowonda ngati mpini, woyankhulira m'mphuno, amene iye ndi Nachisale sankapemphana ngakhale moto. Najere sanause moyo, sanadandaule. Anapereka kachipanda, nadikira Pusi alawe, ndipo ataona kuti wangoti duu, ananena mawu ochepa.

"Kwa anzathu kuja munayankhula, achimwene."

Apa ndi pamene msampha unafwamphuka. A Zondani akakhala chete, kukhala chete kwawo kunalibe tanthauzo, chifukwa ankakhala chete paliponse. Koma munthu amene wayamikira pamtsuko woyamba, akatseka pakamwa pa wachiwiri, ndiye kuti wanyoza. Pusi anaziona zimenezi bwinobwino, mutu wake unali usanazungulire. Anayang'ana Najere, anayang'ana anthu, anayang'ana kumapeto kwa mzere kumene Nangozo anakhala chowongoka pambali pa mtsuko wake. Anadziuza kuti mimba ya munthu wofolera ndi yaikulu, zipanda ziwiri si kanthu.

"Ichinso chakoma."

Najere anadzaza chipanda chachikulu kuposa cha mnzake, dala, mpaka thovu kusefukira m'manja.

Kuchokera pamenepo Pusi anali ngati ngolo yotsetsereka yopanda ng'ombe. Panali mowa wa mapira, wofiirira. Chakoma. Panali wina wothira uchi, umene njuchi zinkautsata kudzaitanitsa katundu wawo. Chakoma. Panali wina woipa zenizeni, woti ntchentche itagweramo inatuluka yokha n'kukasanza paudzu, ndipo mwini wake yemwe pomwa choyamba anatsinzina. Pusi anameza, misozi ili m'maso, nati chakoma, ndipo analandira mphoto yake yodzaza.

Mimba inatsogola, munthu n'kumabwera pambuyo. Akaponda, m'kati munkamveka khuvukhuvu ngati mtsinje wa Rivirivi mvula itagwa kumapiri. Lilime linasanduka chikopa, loti ngakhale mukanaliika tsabola likanati ndi thobwa. Ndipo mawu aja anazolowera kutuluka okha. Analoza mtengo, ichi chakoma. Analoza chipewa cha mlendo, ichi chakoma. Anasisita dazi la mkulu wina wolemekezeka amene anabwera ndi apongozi ake, nati ichi ndiye chakoma koposa. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi.

Nangozo sanaseke. Ankangomuona akuyandikira, mtsuko ndi mtsuko, ndipo m'mene ankayandikira ndi m'mene msinkhu wake unkafupikira.

Pusi atafika pamtsuko wotsiriza, phokoso linazirala lokha. Aliyense ankaidziwa mphekesera ija, ndipo ngakhale amene ankaifalitsa ankafuna kumva. Nangozo anachotsa tsamba la nthochi. Anatunga, namwa yekha, napukuta pakamwa. Anatunganso m'kachipanda, nagwada, napereka ndi manja awiri.

Pusi analandira. Anamuyang'ana mayi uja ndi maso achikondi, ofiira ngati a nkhuku yomwa mankhwala. Anamwetulira. Kachipanda kali pachifuwa, kasanafike n'komwe pamlomo, anatsegula pakamwa.

"Ichi chakoma."

Panalibe nthungululu. Nangozo, ali chigwadire, anayankha motsitsa, koma anamva ndi a kumbuyo omwe.

"Simunalawe, a Pusi."

Mawuwa anamulowa. Penapake m'kati mwa mowa wonse uja munali mukadali munthu amene analumbira padenga, ndipo munthu ameneyo anayesa kudzuka. Pusi anakweza kachipanda. Anapendeketsa mutu kumbuyo kuti amwe. Mutu unapita kumbuyo, unapitabe, mapewa anautsata, msana unatsata mapewa, zidendene zinasiyana ndi nthaka, ndipo munthu amene sanagwepo padenga lililonse chibadwire anagwa pansi poyera, khuu, miyendo m'mwamba. Mowa wa Nangozo unamukhutukira pamalaya. Pamlomo sipanagwe ngakhale dontho.

Anthu anaphulika kuseka. Anamunyamula anthu anayi kukamugoneka pamthunzi, akuliza mkonono. Kumbuyo kuno kunabuka mkangano, chifukwa mayi aliyense ankati wapambana ndiye, poti wolawa ananena yekha pamaso pa anthu. Nachisale ndi Najere anatsala pang'ono kuphwanyirana zipanda pamutu. Anthu anathamangira kwa a Zondani kuti agamule, koma nkhalamba inangoloza batani la pakhosi la malaya a kumpingo aja, nipitiriza nzimbe yake.

M'chipwirikiti chonsecho palibe anakumbuka mtsuko wa kumapeto. Nangozo anakhala pambali pake kanthawi ndithu, kachipanda kali m'manja, kudikira ngati wina angabwere kudzapempha. Palibe anabwera. Anavundikira, nasenza mtsuko wake wodzaza, napita kwawo. Ndipo mpaka lero, ana inu, palibe munthu angakuuzeni ngati mowa umene uja unali wosasa kapena unali woposa onse.

Patapita masiku, mutu utaphwa, Pusi anapita kwa Nangozo ndi malume ake aja kukamva yankho. Anakhala pamphasa ngati nkhuku yonyowa. Malume ndiwo anayankhula, ndipo anayankhula bwino. Anati mphwawoyu si chidakwa, mudzi wonse ukudziwa. Anati chinamugwetsa ndi mtima wabwino, wosafuna kukhumudwitsa munthu, ndipo mwamuna wotere pabanja satukwana, samenya, sabweza mbale.

Nangozo anavomera zonse. Anati n'zoona, munthuyu alibe nkhanza ngakhale ya nyerere. Pusi anayamba kudzutsa mutu, nanena kuti iye amamukonda Nangozo, ndipo pa akazi onse a pa Kamtsitsi palibe womukomera ngati iye.

"Ndamva, bambo," anatero Nangozo. "Koma munthu amene chilichonse chimamukomera, ine ndidzadziwa bwanji kuti ndamukomera?"

Pusi anafunafuna yankho, koma mawu okhawo amene anabwera palilime anali omwe aja, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anawameza. Anatsanzika.

Pobwerera anadutsa pamsika, Pusi kumbuyo, malume kutsogolo. Anthu amene ankadziwa kumene achokera anaimika malume kufunsa kuti ukwati uli liti, ndipo adzafulula ndani poti chaka chino wopambana palibe. Malumeyo anaima, natsamira ndodo yake, nayang'ana mphwake amene ankakanda pansi ndi chala cha kuphazi. Kenaka anapukusa mutu.

"Ukwati wake uti, abale? Ichi chakoma, ichi chakoma, Pusi anagwa chagada."