Thobwa la Rayi

Lolemba
Chinkhoswe cha Tadala ndi Loweruka lino, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndalonjeza thobwa pamaso pa amayi onse a Mvano. Mwana wanga ameneyu wakulira muno mu Girrawheen, kuno ku Australia, thobwa amangolimva m'nkhani. Sindifuna apite kubanja asanalilawe.

Vuto ndi chimera. Mawere kulibe Perth yense. Mayi Gondwe, tcheya wathu wa Mvano, ankabwera nawo kuchokera kumudzi koma anawasiya pa eyapoti, mbewu salowetsa kuno. Gogo wina wa ku Poland amene ndimamusamalira kuntchito akuti kwawo amamwa chakumwa cha rayi, mbewu yonga tirigu imene amapangira buledi wakuda uja. Ndakagula ku Fremantle. Ndaviika.

Lachiwiri
Rayi watupa, wadzaza beseni. Ndamufunditsa chiguduli chonyowa. Bambo a Tadala, amene chiwachotsereni ntchito ku migodi asanduka kapitawo wa khitchini yanga, akuti: "Ameneyo azungu amatchezera wisiki." Wawafunsa ndani?

Lachitatu
Wamera! Timizu toyera mbee. Nyumba yonse ikununkha masokosi onyowa koma ndilibe nazo ntchito. Ndatumiza chithunzi pa gulu la Mvano. Mayi Gondwe angoyankha kuti "Tiona."

Lachinayi
Ndayanika chimera pa kapinga ndisanapite kuntchito. Adani anga lero:
- mbalame zapinki zaphokoso za kuno, zabwera ndi abale awo omwe
- mipope yothirira kapinga, yodziyatsa yokha popanda woituma
- bambo a Tadala, amene ndinawasiyira ulonda, koma ali pa foni kufunsa ngati migodi yayambanso kulemba anthu

Chotsalacho ndatola ndi manja, ndaumitsa mu uvuni. Mbali ina yapserera.

Lachisanu
Chigayo kuno kulibe. Ndayesa kupera chimera mu blenda: yalira, yatulutsa utsi, yafa. Ndamalizira m'kamtondo kosinjira adyo, mkono wachita kuuma.

Ndaphika phala la mgaiwa, ndatsira chimera. Abale inu, likunanda ngati therere. Mtundu wake wamatope. Ndalawa: kowawasa, kenako fungo la buledi wopserera kukhosi. Ndathira shuga. Ndathiranso. Ndatopa nazo ine, ndipo ndakwiya, koma wokwiyira palibe.

Loweruka
Ndawiritsa m'mawa, ndanyamula ndowa mtima uli m'mwamba. Mayi Gondwe atunga kapu, anunkhiza, aiika pansi bwinobwino. "Mwayesetsa, mayi." Bola akanangondimenya mbama. Amalawi onse athawira ku zakumwa za m'mabotolo, ngakhale bambo a Tadala amene.

Koma akuchimuna, azungu a ku Balga, aima pamzere. Bambo a mkamwini abwereza, ndevu zonse phala, akuti "very authentic." Ndowa yatha mpaka kukokota. Ine ndabisala kotsuka mbale.

Lamulungu
Kutchalitchi sindinapite, nkhope yokaonetsa ku Mvano ndilibe. Masana Tadala wabwera kudzatenga mphatso zake. Wandikumbatira, misozi ili lengelenge: "Mum, so that's thobwa. Now I get why you miss home." Akuti pa ukwati likhaleponso, lambiri. Akutinso ndimuphunzitse kaphikidwe kake, adzaphikire ana ake, adziwe za kwawo.

Ndatsegula pakamwa kuti ndimuuze kuti thobwa si limenelija. Ndamuyang'ana. Ndamuuza kuti choyamba umaviika rayi.